Chikomekome cha Laputopu Yopyapyala

Pa 15 Januwale 2008, mumzinda wa San Francisco ku America, mkulu wa kampani ya Apple, Steve Jobs, anaimirira pamaso pa chinamtindi cha anthu atanyamula envulopu yakhaki, yonga imene amithenga amayenda nayo m'maofesi. Atamasula kachingwe ka envulopuyo, anasololamo kompyuta yathunthu, ndipo anthu anaomba m'manja mokondwa. Kompyutayo, imene anaitcha MacBook Air, inkalemera makilogalamu 1.36 okha, ndipo pamene inali yochindikala kwambiri sipankakwana ndi masentimita awiri omwe. Chiyambire tsiku limenelo, makampani opanga malaputopu akhala akupikisana kuti aone amene angapange yopyapyala koposa. Ogula nawonso azolowera kuyesa ubwino wa laputopu poinyamula ndi dzanja limodzi ndi kuiyang'ana cham'mbali.

Muyeso umenewu ndi wonyenga, ndipo amene umamupweteka kwambiri ndi munthu wa ndalama zochepa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Malaputopu ambiri opyapyala ndi otchipa amene adzaza m'masitolo masiku ano anapangidwa mwa njira yakuti kanthu kamodzi kakafa m'kati mwake, ndiye kuti chipangizo chonse chafa. Kugulitsa chinthu chotere kwa wophunzira amene makolo ake agulitsa zokolola za chaka chathunthu kuti amugulire, n'kumachitcha chotsika mtengo, ndi khalidwe loyenera kudzudzulidwa poyera.

Palibe amene angatsutse kuti kupepuka kwa kompyuta ndi mwayi waukulu. Kompyuta yonyamulika imene inatchuka m'chaka cha 1981, yotchedwa Osborne 1, inkalemera pafupifupi makilogalamu 11, inali yaikulu ngati makina osokera zovala, ndipo mtengo wake unali madola 1,795. Lero wophunzira wa ku koleji amaika laputopu m'chikwama limodzi ndi makope, n'kukwera nayo minibasi kapena kabaza popanda kumva kulemera. Mlangizi wa zaulimi amafika nayo kumudzi, ndipo mlembi wa kalabu ya alimi amasungamo kaundula wa ngongole. Anthu otere safuna chikatundu chothyola msana, ndipo akunena zoona.

Kutsika kwa mtengo nakonso ndi mwayi, ndipo kuli ndi mbiri yake. M'chaka cha 2005, Nicholas Negroponte wa ku sukulu ya ukachenjede ya MIT analengeza ntchito yotchedwa One Laptop per Child, yofuna kupangira ana a m'mayiko osauka laputopu ya madola 100. Mtengo umenewo sunatheke, pakuti pamene laputopuyo inayamba kupangidwa m'chaka cha 2007 inali pafupifupi madola 190. Komabe ganizolo linadzutsa amalonda. Chaka chomwecho kampani ya Asus ya ku Taiwan inatulutsa Eee PC, kalaputopu kosakwana kilogalamu imodzi, kogulitsidwa pa madola ngati 400. M'chaka cha 2011 kunabwera malaputopu a Chromebook, amene pambuyo pake anadzaza m'masukulu a ku America. Motero anthu miyandamiyanda amene sankalota n'komwe zokhala ndi kompyuta anaipeza.

Vuto lagona pa njira imene makampani ambiri anasankha pofuna kupyapyalitsa chipangizochi. M'kati mwa laputopu muli ziwalo zingapo zimene wogula aliyense ayenera kuzidziwa. Muli batire, limene limasunga moto. Muli chosungiramo zinthu, chimene chili ngati nkhokwe, pakuti m'menemo ndimo mumakhala mapulogalamu, makalata ndi zithunzi. Mulinso chiwalo chotchedwa RAM, chimene chili ngati lichero: zimene zatapidwa m'nkhokwe zimayalidwa pamenepo kuti zigwiridwe ntchito, ndipo lichero likachepa ntchito imayenda pang'onopang'ono. M'malaputopu akale, batire linkasololedwa ndi chala pongokankha kotsekera kake, ndipo nkhokwe ndi lichero zinkapezeka pongomasula timabawuti tiwiri kapena titatu kunsi kwa chipangizocho. Chimene chafooka chinkachotsedwa, china n'kulowa m'malo mwake.

Pofuna kupulumutsa mamilimita ochepa, opanga anayamba kuwotcherera ziwalozi pa bolodi lalikulu la m'kati ndi kumata batire ndi guluu. MacBook Air yoyamba ija inali ndi RAM yowotcherera, batire lotsekeredwa m'kati, ndiponso chibowo chimodzi chokha cha USB. M'chaka cha 2011 kampani ya Intel inaika padera madola 300 miliyoni olimbikitsira makampani ena kupanga malaputopu opyapyala otchedwa Ultrabook, ndipo mchitidwewu unafala ngati moto wolusa. Kampani ya iFixit, imene imaphwasula zipangizo zatsopano ndi kuzipatsa malikisi malinga ndi kuphweka kwa kakonzedwe kake, inapatsa MacBook Pro yokhala ndi sikirini ya Retina ya m'chaka cha 2012 malikisi 1 pa 10. Surface Laptop yoyamba ya kampani ya Microsoft, ya m'chaka cha 2017, inapeza 0 pa 10, chifukwa panalibe njira yoitsegulira popanda kuing'amba.

Nkhani ya kiyibodi ikusonyeza bwino kumene mpikisano umenewu umafikitsa anthu. M'chaka cha 2015 kampani ya Apple inayamba kuika m'malaputopu ake kiyibodi yopyapyala kwambiri, imene mabatani ake ankangotsika pang'ono powadina. Posakhalitsa ogula anayamba kudandaula kuti kafumbi kakang'ono kakalowa pansi pa batani, chilembo chinkakana kutuluka kapena chinkatuluka kawiri. Kuti batani limodzi likonzedwe, kawirikawiri pankafunika kusintha chigoba chonse cha pamwamba. Pofika m'chaka cha 2020 kampaniyo inali itasiya kiyibodi ya mtundu umenewu, ndipo m'chaka cha 2022 inavomera kulipira madola 50 miliyoni pothetsa mlandu umene ogula a ku America anaisumira. Ngati fumbi la m'maofesi a ku California linagonjetsa chipangizo chodula chotero, nanga fumbi la mwezi wa Okutobala ku Nsanje kapena ku Karonga lingachichite chiyani?

Komatu munthu wachuma amene wagula laputopu yodula yomatidwa sali pa mavuto aakulu. Amalipira kuti amuwotcherere lichero lalikulu ndi nkhokwe yaikulu kuyambira pachiyambi, ndipo chipangizocho chikatopa amagula china. Tsoka lili kwa amene wagula yotchipa yotsanzira maonekedwe a yodula. Makampani anaona kuti ogula akopeka ndi kupyapyala, choncho anayamba kupanga malaputopu otsika mtengo okhala ndi chigoba chonyezimira ngati siliva, koma m'kati mwake ali ndi RAM ya 4 GB ndi nkhokwe ya 32 GB kapena 64 GB, zonse zowotcherera. Tsiku logula, laputopu yotere imathamanga ndithu. Koma mapulogalamu amakula chaka ndi chaka, ndipo masamba a pa intaneti amalemeralemera. Pakapita nthawi yochepa nkhokwe imadzaza ndi zowonjezera za pulogalamu yoyendetsa kompyutayo, mwini wake n'kusowa posunga ngakhale ntchito ya kusukulu. Akapita nayo kwa mmisiri kuti awonjezere lichero, mmisiri amatsegula, n'kupukusa mutu, chifukwa mulibe polowetsa china chilichonse. Wosauka watenga chilema cha laputopu yodula, koma mphamvu zake sanazitenge.

Kuwonjezera apo, malaputopu ena amafa ali moyo. Pulogalamu ya Windows 11, imene inatuluka m'chaka cha 2021, imafuna nkhokwe yosachepera 64 GB ndiponso kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inaleka chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10. Tsono laputopu imene inagulitsidwa ndi nkhokwe yowotcherera ya 32 GB singalandire pulogalamu yatsopanoyo, ngakhale sikirini, kiyibodi ndi zina zonse zili bwinobwino. Nayo Chromebook iliyonse ili ndi tsiku limene kampani ya Google imaleka kuitumizira zowonjezera, ndipo tsikulo amawerengera kuchokera pamene mtundu umenewo unatuluka, osati pamene munthu anaigula. Wogula wosadziwa angathe kulipira ndalama zake zonse pa chipangizo chimene masiku ake atsala pang'ono kutha. Amisiri ena amapulumutsa makompyuta otere powaikamo pulogalamu yaulere ya Linux, koma nayonso singakulitse nkhokwe imene inawotchereredwa.

Nkhaniyi ikukhudza Malawi mwachindunji, chifukwa malaputopu ambiri ogulitsidwa m'timasitolo ta ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu ndi akale, amene anagwirapo ntchito m'maofesi a mayiko akunja. Malondawa ali ngati a kaunjika, ndipo athandiza ophunzira ambiri. Chimene chawachititsa kukhala aphindu n'chakuti malaputopu a m'maofesi a zaka zapitazo anali otsegulika. Wamalonda ankaika batire latsopano, n'kuwonjezera RAM, n'kusintha nkhokwe yozungulira kuikamo ya SSD yothamanga, ndipo chipangizo cha zaka zisanu chinkayambanso moyo wachiwiri. Koma zimene zikumatidwa ndi guluu ku mafakitale lero ndizo zidzafike m'misika ya kuno zaka zikubwerazi, mabatire ake atatopa kale. Batire la lithium limafooka likatchajidwa maulendo mazana angapo, mwina kufika chikwi chimodzi, ndipo lina limatupa mpaka kukankha chigoba. Kulichotsa pamene linamatidwa ndi ntchito yoopsa, pakuti likabooka lingathe kuyaka.

M'dziko limene magetsi ndi osadalirika, batire ndilo moyo wa laputopu. Kalembera wa anthu wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa mabanja 100 aliwonse m'Malawi ndiwo ankaunikira nyumba zawo ndi magetsi. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, kuzimazima kwa magetsi kunasautsa ngakhale anthu a m'mizinda kwa nthawi yoposa chaka. Wophunzira amene amatchaja laputopu yake kusukulu kapena pa malo a malonda kuti akawerengere kunyumba usiku, batire likafa watayikiratu. Ngati batirelo lili losinthika, vuto lake ndi la tsiku limodzi. Ngati lili lomatidwa, laputopu yonyamulika ija yasanduka chinthu chogwira ntchito pokhapokha chili pa chingwe, ndipo magetsi akangothima ntchito yosasungidwa imapita.

N'chifukwa chake mawu akuti "yotchipa" ayenera kuunikidwa bwino. Mtengo weniweni wa chipangizo umadziwika pogawa ndalama zogulira ndi zaka zimene chatumikira. Laputopu yogulidwa pa theka la mtengo koma yotha ntchito pa zaka ziwiri ndi yodula kuposa inzake imene yatumikira zaka zisanu ndi chimodzi. Ndiponso makompyuta amagulidwa kunja ndi madola. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo dola imodzi, imene inali pa makwacha pafupifupi 1,180, inafika pa makwacha pafupifupi 1,700. Banja limene linagula laputopu kusintha kumeneku kusanachitike silikanatha kugula ina yofanana nayo ndi ndalama zomwezo. Kwa banja lotere, kugula batire kapena kachiwalo kamodzi n'kotheka, koma kugulanso chipangizo chonse ndi maloto chabe.

Njinga yakapalasa ikupereka phunziro pa nkhaniyi. Njinga yakhazikika m'midzi chifukwa pafupifupi pa msika uliwonse pali mmisiri wokhala pansi pa mtengo ndi pampu, zomatira machubu ndi masipoko. Tcheni likaduka limalumikizidwa, chubu chikaphulika chimamatidwa, ndipo njinga imene anakwera bambo amadzakweranso mwana. Atabwera wamalonda ndi njinga yopepuka ndi yokongola, koma imene matayala ake anawotchereredwa ku chitsulo kotero kuti likaphulika limodzi njinga yonse iyenera kutayidwa, anthu angamuseke ndi kumuthamangitsa pamsika. Nanga n'chifukwa chiyani chinthu chomwecho chikuloledwa pa kompyuta, imene mtengo wake umaposa wa njinga? Ndipo monga momwe njinga imadyetsera amisiri ake, kukonza makompyuta ndi mafoni kwapatsa ntchito achinyamata ambiri m'matauni. Laputopu yosatsegulika imalanda mwini wake chipangizo, n'kulandanso mmisiri chakudya.

Chotayidwacho sichizimirira. Lipoti la mabungwe a United Nations la m'chaka cha 2024 linanena kuti m'chaka cha 2022 dziko lapansi linataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo zimene zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso m'njira yovomerezeka zinali 22.3 peresenti yokha. Pa malo otchedwa Agbogbloshie mumzinda wa Accra ku Ghana, achinyamata anakhala zaka zambiri akuwotcha zingwe za zipangizo zakufa kuti apeze kopa, uku akupuma utsi wa poizoni, kufikira pamene malowo anagwetsedwa m'chaka cha 2021. Mbali yaikulu ya mwala wa cobalt, umene umalowa m'mabatire a malaputopu, imakumbidwa ku Democratic Republic of Congo. Chuma chimachoka mu Africa chili mwala, n'kudzabwerera chili chinyalala, ndipo chipangizo chikamafa msanga ulendo umenewu umachitika kawirikawiri.

Oikira kumbuyo makampani ali ndi mfundo zawo, ndipo n'koyenera kuzimva. Iwo amati chiwalo chowotcherera sichigwedera ngakhale laputopu itagwedezeka pa msewu wa mabampu, kuti RAM yoyandikana ndi ubongo wa kompyuta imathamanga ndipo imadya moto wochepa, ndiponso kuti malaputopu ena opyapyala alibe chokupizira mphepo, choncho sakoka fumbi. Mfundozi zili ndi choonadi, makamaka pa nkhani ya RAM. Koma palibe imodzi mwa izo imene ikufotokoza chifukwa chomatira batire ndi guluu, pamene aliyense akudziwa kuti batire ndilo limayamba kutopa. Palibenso imene ikufotokoza chifukwa chogwiritsira ntchito timabawuti ta mitu yachilendo, kapena chifukwa chobisira amisiri mabuku a kakonzedwe. Ndipo ngati RAM iyenera kuwotchereredwa, chilungamo chikufuna kuti ikhale yokwanira zaka zambiri, ndipo wogula auzidwe momveka kuti sadzatha kuiwonjezera.

Mfundo yakuti chinthu chopyapyala sichingakhale chotsegulika inatsutsidwa kale ndi ntchito za manja. M'chaka cha 2021 kampani yaing'ono ya Framework ya ku America inatulutsa laputopu yolemera makilogalamu 1.3, yochindikala masentimita osakwana 1.6. Imatsegulidwa pomasula timabawuti tisanu, chomasulira chake chimabwera m'bokosi momwemo, ndipo batire, RAM, nkhokwe, kiyibodi ndi sikirini zonse n'zosinthika. A iFixit anaipatsa malikisi 10 pa 10. Mtengo wake, umene unali madola ngati 1,000 pamene inatuluka, unali wosafikirika kwa ophunzira ambiri, koma yasonyeza kuti laputopu yopepuka kuposa ija inatuluka mu envulopu ingathe kukonzedwa ndi munthu wamba. Nayo laputopu ya ana ya One Laptop per Child, ngakhale inali yotchipa, inapangidwa kuti izitsegulidwa ndi chomasulira wamba. Kumata ndi chisankho cha opanga, ndipo chisankho chimasinthika.

Umboni wakuti chimasinthika ulipo. Kuyambira pa 1 Januwale 2021, dziko la France linalamula kuti malaputopu, mafoni ndi zipangizo zina zizigulitsidwa zitalembedwa malikisi osonyeza kuphweka kwa kakonzedwe kake. M'chaka cha 2023 mayiko a European Union anakhazikitsa lamulo lakuti kuyambira mu Febuluwale 2027, mabatire a m'zipangizo zambiri zonyamulika azikhala oti mwini chipangizo angathe kuwachotsa ndi kuikamo ena. Chaka chomwecho, anthu atadandaula za malaputopu a m'masukulu amene ankatha ntchito msanga, kampani ya Google inatalikitsa chithandizo cha Chromebook kufika zaka khumi. Kampani ya Microsoft, imene inapeza 0 m'chaka cha 2017, inapeza malikisi 8 pa 10 ndi Surface Laptop ya m'chaka cha 2024. Makampaniwa anasintha chifukwa ogula, amisiri ndi opanga malamulo anakana kukhala chete.

Mayiko amene amagula zambiri kuposa zimene amapanga ali ndi chifukwa chachikulu chokhalira maso, kuopa kuti zimene zakanidwa ku Ulaya zingadzakhuthulidwe kwa iwo. Boma, masukulu ndi mabungwe, pogula malaputopu ambiri nthawi imodzi, ayenera kulemba m'mapangano awo kuti batire ndi nkhokwe zikhale zosinthika, ndi kuti wogulitsa azipezeka ndi ziwalo zosinthira kwa zaka zingapo. Mabungwe oona za miyezo ya katundu ndi oteteza ogula ayenera kukakamiza amalonda kulemba poyera zimene zili zowotcherera. Masukulu a ntchito zamanja ayenera kuphunzitsa kukonza makompyuta mwakhama lomwe amaphunzitsira ukalipentala ndi umakaniko, ndipo phunziro la kompyuta ku sekondale lisathere pa kudina mabatani, ophunzira aonetsedwenso za m'kati.

Koma mlonda woyamba ndi wogula mwini. Safunsa anadya phula. Asanatulutse ndalama, afunse ngati batire lingachotsedwe ndiponso ngati lina lingapezeke m'tauni momwemo. Afunse kukula kwa RAM ndi kwa nkhokwe, ndiponso ngati zingawonjezedwe. Afunse chaka chimene mtundu umenewo unatuluka ndi chaka chimene pulogalamu yake idzaleke kulandira chithandizo. Ngati wogulitsa akuzemba mafunsowa, wogula apite ndi mmisiri wodalirika, monga amachitira munthu wogula galimoto yakale. Laputopu yolemerako ndi theka la kilogalamu siithyola phewa la wophunzira, koma yofa pakati pa maphunziro ingathe kumulepheretsa mayeso. Choncho wogula wanzeru, akatha kusirira kupyapyala kwake cham'mbali, aitembenuze laputopuyo, aone ngati kunsi kwake kuli timabawuti toti mmisiri adzamasule tsiku la mavuto.